Gitala Imene Munaisiya Yosatseka

Achimwene, lero chakwana chaka chimwalirireni inu. Ndakumbuka tsiku lija tikutsika Phiri la Zomba ndi thabwa la mkungudza lopangira gitala. Munaligogoda katatu ndi chala, khutu lili pomwepo, n'kunena kuti, "Thabwa likapanda kuyankha, osalimata. Koma iwe usayese, makutu akowo ngodziwa nkhuni zokha." Zaka zonsezo munandisiya pa ntchito yopala matabwa basi, ndipo zimandiwawabe.

Gitala imene munaisiya yosatseka kumsana ndinaimata ndekha maliro atatha, osagogoda. Mawaya sindinaike. Koma nkhungu ikatsika masana, imagogoda yokha mkati, katatu. Akazi anga akuti ndiitenthe, ine ndakana. Achimwene, mukuvomereza ntchito yanga kapena mukuti ndiimatule? Yankhani, mpeni uli m'manja.