Lachinayi Linali Langa

Ndinachoka ku Chezi mu 2003, ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Fodya anali atandigwetsa. Sindinafunse nzeru kwa munthu. Ndinangouza mkazi wanga, Nabanda, kuti ndikupita ku Joni.

"Nanga Lachinayi?" anafunsa.

Lachinayi linali tsiku langa la madzi. Ngalande yochokera kuphiri tinakumba tokha, ndipo banja lililonse linali ndi tsiku lake lothirira dimba. Lamulo linali limodzi: mvula ikatha, amene sanabwere kudzachotsa nawo matope m'ngalandemo, tsiku lake lizipita kwa wina.

"Muzikandiimira inuyo," ndinatero.

Ntchito ndinakaipeza pa famu ya ng'ombe, m'chigwa chouma pakati pa mapiri opanda mtengo. Miyala, fumbi, ndi mphepo yolasa m'mafupa. Chobiriwira chinali msipu wokha umene ndinkathirira ine. Ndinkatsegula chitseko cha ngalande, madzi n'kuyenda, ine n'kumawatsatira ndi fosholo. Sabata inkatha osalankhula ndi munthu. Chichewa ndinkalankhula ndi madziwo. Ndalama kumudzi ndinkatumiza. Mawu ndiye ochepa.

Nabanda ankaimba foni. "Msanawu, bambo. Matope aja ayamba kundilemera."

"Limbikirani. Ndibwera chaka chamawa."

Anamwalira ndili komweko. Mapepala anga sanali olongosoka, ndikanatuluka, sindikanalowanso. Maliro ake ndinangowamva pafoni, kenako ndinapita kukatseka madzi.

Ndinabwerera chaka chatha, mawondo atakana ntchito. Lachinayi loyamba ndinatenga khasu n'kukwera kungalande. Ndinapezako mayi wina wachitsikana, mwana kumsana, akupatutsira madzi ku kabichi wake.

"Agogo, mukufuna ndani?"

"Lero ndi tsiku langa."

Anaseka, kenako anandiyang'anitsitsa n'kuleka.

"Kodi ndinu amuna awo a malemu Nabanda? Pepani, agogo. Lachinayi ndi lathu kuyambira chaka chimene iwo analephera kukwera. Ankabwera ndi ndodo, khasu akulikoka pansi. Ulendo womaliza anangofika pamwala apo, n'kukhala pansi. Tinachita kuwanyamula."

Sindinakangane naye. Lamulo lija ndinaliika ndine, ndipo ndi labwino.

Ndinatsika kudzera kudimba kwanga. Ndi fumbi lokhalokha, ngati chigwa chija.

Ng'ombe za eni ndinazimwetsa zaka makumi awiri, ndipo palibe imene inafa ndi ludzu. Kwathu kuno ndataya zitatu: mkazi, dimba, ndi Lachinayi.