Kachitatu ka m'kadengu ka nsungwi

Nkhuli imeneyi anatiphunzitsa ndi mnzanga wa ku ofesi, Mkenya wokonda kudya. Titangofika kumene mu Nairobi, ine ndi amuna anga, anatitengera kumalo odyera a Matchaina ku Kilimani, kuseri kwa mafulati. Anati chakudyacho dzina lake ndi dimu samu. Patebulo panabwera timadengu ta nsungwi totentha, m'kati muli timitanda ta ufa wa tirigu tophika pa nthunzi, tina tokutira nyama ya nkhumba, tina tinkhanu ta m'nyanja yamchere. Amuna anga anasuzumira nati, "Samusa zakezi aiwala kukazinga." Koma timitengo todyera titawakanika, anapempha foloko n'kudya kuposa tonse.

Ine ndinkakonda ta nkhanu, ta khungu lopyapyala loonetsa za m'kati. Vuto linali lakuti m'kadengu kalikonse munkakhala titatu, ife tili awiri. Kachitatuko tinkalimbirana ngati ana. Pa chakudya ine sindigonja, koma bambo ameneyu ali ndi dzanja lachangu, ndipo nthawi zambiri ndinkatuluka m'menemo nditakwiya zenizeni.

Kenaka ndinapita padera kawiri motsatizana. Pa mimba yoyambayo tinali titauza aliyense, mpaka kwaya ya kutchalitchi, poti ndife a m'tauni. Kubwerera kukawauza kuti palibenso kanthu kunandipweteka kuposa za kuchipatala. Amayi anga pa foni sanandikalipire. Anangoti, "Mwanangu, kwathu pakati sitilengeza. Anthu amaona okha."

Nditaimanso, ndinatseka pakamwa. Ngakhale amuna anga sindinawauze. Ndinkaopa kuti ndikangotchula, nayenso apita. Chakudya chilichonse chinkandichititsa mseru, koma timitanda ta nkhanu tija tinandilowa m'mutu. Ndikhale pa desiki, ndikhale m'matatu, timinibasi ta kuno, titaima pa mzere wa magalimoto, m'kamwa munkangodzaza malovu. Apa n'kuti titasamukira ku Lang'ata, ndipo Kilimani sanalinso pafupi.

Loweruka lina tinapita kukadya. Pakati pa sabata ndinati, "Inu, tiyeni ku Kilimani."

"Tinali komweko Loweruka lomweli," anatero.

"Ndiye mwamva kuti atseka?"

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anapita kukavala nsapato.

Kadengu katabwera ndinadya kanga, iwo kawo. Kachitatu kanatsala pakati, ndipo ine ndinali nditakonzeka kale nkhondo. Anakabaya ndi foloko monga mwa nthawi zonse, koma m'malo mopita nako kukamwa, anakaika pa mbale yanga. Sanandiyang'ane. Anayamba kundithirira tiyi, osaona kuti kapu yadzaza, mpaka tiyiyo kutayikira patebulo. Pomwepo ndinazindikira kuti adziwa, ndiponso kuti mantha amene ndinali nawo ine, iwonso anali nawo. Ndinkaganiza kuti ndasenza ndekha.

Ndinadya kachitatuko misozi ikutsika. Mtsikana woperekera zakudya anaima pambali panga nati, "Pole, mama. Pilipili?" Ndinavomera ndi mutu kuti ndi tsabola, ngakhale sindinamukhudze n'komwe.

Miyezi yonse yotsatirayo sitinatchule nkhaniyi m'nyumba. Sitinagule thewera ngakhale limodzi. Kusikelo tinkapitira limodzi, koma tinkangoti tikukaonana ndi adokotala, ngati wina wadwala mutu. Mimba itayamba kuoneka, azimayi a kwaya ankangomwetulira n'kundipatsa mpando. Loweruka lililonse tinkakakhala patebulo lathu lapakona ku Kilimani, ndipo amuna anga akandiikira kachitatu pa mbale, mtima unkakhala pansi kuti tidakali atatu. Sindinawakondepo bambo amenewa ngati m'miyezi imeneyo, ngakhale ankadandaula kuti akuonda.

Mwana wathu wamkazi tsopano ali ku nazale. Nkhope anatengera ine, koma dzanja ndi la bambo ake. Posachedwapa tinapita naye kumalo komwe kuja. Ndisanamalize n'komwe kanga, anali atasolola kale kachitatu ndi zala, n'kukaviika mu msuzi wakuda wa soya. Ndinati ndimukalipire kuti adikire akuluakulu, koma amuna anga anandigwira mkono.

"Amake mwana, musalimbane naye," anatero. "N'kake kameneko kuyambira kale."