Mzere wa madzi pakhoma la nyumba yathu yoyamba

Tsiku limene tinapita kukaona nyumbayo ndinavala malaya oyera, bolopeni ili pathumba, kuti eni ake aone kuti amene abwera si anyamata wamba. Tinali awiri, ine ndi mnzanga wa kabaza. Mayi eni nyumba atatsegula chitseko, ndinaona kuti makoma anali oyera, koma m'munsi mwake munali mofiirira mpaka m'mawondo, mzere wake wowongoka bwino kuzungulira chipinda chonse. Ndinali nditawerengapo penapake kuti ukafuna kutsitsitsa mtengo uziyamba ndi kuyamikira. Ndiye ndinakonza kukhosi n'kunena kuti amene anapaka utoto wa m'munsiwu ndi mmisiri weniweni, dzanja lake silinjenjemera.

Mayiwo anayang'ana kumbali. Mnzanga anandiponda chala. Amene analephera kudzigwira anali a telala a nyumba yoyandikana nayo, bambo achikulire ovala kofiya, amene anatitsatira tepi ili m'khosi. Anaseka mpaka kugwirira chitseko.

"Aphunzitsi," anatero akuyang'ana bolopeni ija, "mmisiri wake ndi mvula ya Febuluwale. Amabwera chaka ndi chaka, ndipo salipiritsa."

Unali mzere wa madzi. Nyumbayo inali kumunsi kumene madzi a m'tauni ya Salima amathera akasowa kolowera, n'chifukwa chake inali yotchipa. Dzina la aphunzitsi linandikakamira kuyambira tsiku lomwelo, chonsecho sukulu ndinalekezera Sitandade 8.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pachigayo cha mpunga, kuyeza matumba pasikelo ndi kuwasoka kukamwa. Ndinkagona m'chipinda chosungira katundu cha pachigayo pomwepo. Chuma changa chonse chinali mabuku akale amene ndinkagula limodzilimodzi kwa mavenda a kudepoti, ndipo ndinkawasunga m'thumba la feteleza. Makoswe anandidyera masamba omaliza a buku lina, moti mpaka lero sindidziwa ngati anthu awiri a m'nkhaniyo anakwatirana. Mnzanga uja ndi wa ku Chipoka, mwana wa asodzi amene bwato linamukana chifukwa akangokwera amasanza. Ankakhala kwa msuweni wake, kumene mphasa ankayala pabalaza onse akachokapo, n'kuipinda wina asanadzuke. Tinadziwana chifukwa ankabweretsa mpunga wa alimi a kwa Maganga panjinga yake. Tonse tinali titakula mokwanira kufuna chitseko chimene kiyi wake ali m'thumba mwathu.

Inalipo nyumba ina kumtunda, yosafika madzi, koma lendi yake inkaposa malipiro anga onse a pamwezi. Ya mzereyi inkadya pafupifupi onse, n'kundisiyira kangachepe kogulira sopo. Ndiye panalibenso zosankha. Mayi aja ankafuna ya miyezi itatu kulipiriratu. Titafunsa ngati angatidikire, a telala ndi amene anayankha, kuti tisathamange, nyumba imeneyi palibe akuilimbirana.

Ndinagula kope latsopano, ndinalemba mizere ndi lula, ndipo ndinakonza bajeti yooneka bwino kwambiri. Munali lendi, ufa, ndiwo, makala, mpaka mzere wa zosungira mtsogolo, monga mmene mabuku amanenera. Chilichonse ndinachigawa pakati, theka ine theka iye, kumapeto kwa mwezi. Ndinakamuwerengera pasiteji ya kabaza, pansi pa mtengo wa mango, iye atakhala pachishalo cha njinga. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenako anafunsa za mchere. Munalibe. Machesi munalibe. Ndalama yokonzetsera mjigo, imene nyumba iliyonse imapereka, inalibemo. Anafunsanso kuti kukagwa maliro m'dera, amayi oyenda ndi mbale akagogoda kufuna ufa ndi chipepeso, ndidzawapatsa kope?

Chachikulu anachinena pomaliza. Iye analibe kumapeto kwa mwezi. Ndalama ya kabaza imabwera lero n'kupita lero, ndipo ukamuuza wa kabaza kuti asunge theka la lendi masiku makumi atatu, tayala limaphulika tsiku lachisanu n'kuidya yonse.

"Aise, yako ndi yaikulu koma imabwera kamodzi. Yanga ndi yaing'ono koma imabwera tsiku lililonse. Yako izilipira denga, yanga izilipira mimba."

Anawonjezera kuti malipiro anga asamagone m'thumba mwanga, ndizikapereka lendi tsiku lomwelo ndalandira, ndisanadutse kudepoti. Ankandidziwa. Ndinang'amba tsamba loyambalo mwakachetechete n'kulemba mmene iye ananenera, ndi mzere umodzi watsopano umene tinautcha wa madzi. Umenewu unali ndi chitini chakechake cha mkaka wa ufa, chobooledwa pachivindikiro, chimene aliyense ankaponyamo zotsala za tsikulo.

Tinaona nyumbayo mu Juni, mpunga utangokololedwa, ntchito ili yambiri kwa tonse awiri. Ya miyezi itatu ija inakwana mu Seputembala. Miyezi yonseyo sindinagule buku ngakhale limodzi. Ndikafika pamene mavenda amayala mabuku ndinkapatuka n'kuyang'ana kumbali ngati ndakumana ndi apongozi panjira.

Tisanalowe, mnzanga anazungulira nyumbayo kawiri akuyang'ana pansi. Bwato linamukana, koma madzi amawadziwa. Anati amalowera pakhomo ndi kuseri kumene nthaka inatsika, ndipo pakufunika ngalande yokafika kungalande yaikulu ya kumsewu, kakhoma ka njerwa zitatu pakhomo, ndi kupaka simenti m'munsi mwa khoma kuzungulira kunja. Apa ndi pamene kuwerenga kwanga kunagwirako ntchito koyamba. Ndinakumbuka nkhani ina imene ndinaiona panyuzipepala yokulungira zitumbuwa, ya munthu amene anakonza nyumba ya lendi ndi ndalama zake, itakongola eni ake n'kumutulutsa. Ndinapempha mayi aja kuti tilemberane: ife tikonza za madzi ndi ndalama zathu, iwo asakweze lendi kapena kutichotsa kwa zaka ziwiri. Anavomera msanga, akumwetulira, chifukwa palibe wa lendi amene anafikapo Malichi m'nyumba imeneyo. Ndinalemba mapepala awiri ofanana, ife ndi mayiwo tinasaina, iwo n'kutenga limodzi. Mboni anali a telala. Nawonso anasaina, n'kupinda lathulo n'kuliika m'kabati ka makina awo, momwe amasungamo mabatani.

Tinalowa ndi mphasa ziwiri, mapoto awiri, ndowa, njinga, ndi thumba la mabuku. Makala tinawafufuta mubajeti chifukwa mankhusu a mpunga kuchigayo amangotayidwa. Mnzanga anakhometsa mbaula ya chitini yotsindiramo mankhusu, ndipo ngakhale utsi wake unkatiliza, inkaphika. Matumba ong'ambika ndinkapempha kwa abwana, iye n'kumabweretsa mchenga panjinga akamachokera kosiya kasitomala. Ngalande tinkakumba Lachisanu masana iye akachoka kumzikiti, ndi Lamlungu ine ndikaweruka kutchalitchi. Kakhoma ka pakhomo ndinayamba kumanga ndine, nditawerenga kabuku ka zomangamanga. Mnzanga anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakagumula bwinobwino n'kundiuza kuti ine ndizikanda matope.

Mu Novembala tinatsegula chitini n'kupeza kuti simenti yakwera mtengo. Ndalama za m'chitinimo zinali zokwana thumba limodzi, ife tikufuna awiri, mitambo itayamba kale kusonkhana. Tinasiya shuga. Tinadya bonya milungu itatu yotsatizana, mpaka ndinayamba kumumva fungo m'mabuku mwanga. Ine ndinayamba kulembera alimi mafomu ndi makalata pachigayo nthawi yopuma, aliyense n'kumandipatsa imene wakwanitsa. Thumba lachiwiri tinaligula sabata yoyamba ya Disembala, ndipo mnzanga analikweza pakaliyala n'kuyenda nalo pang'onopang'ono ngati wanyamula mkwatibwi.

Mvula ya Disembala ndi Januwale inangotinyambita. Yeniyeni inabwera mu Febuluwale, kuyambira m'mawa osaleka. Pofika masana ndinapempha kuchigayo n'kuthamangira kunyumba, nsapato zili m'manja. Mumsewu madzi ankafika m'akakolo, pafupi ndi kwathu m'miyendo. Ndinali nditawerengera kale m'mutu kuti madzi akalowa, zonse zimene tinadzimana zapita, ine ndibwerera kukagona ndi makoswe, iye kukapepesa kwa msuweni wake. Ndinamupeza ali mungalande ndi khasu, atavula malaya, akuchotsa majumbo ndi zinyalala zimene zinkatseka njira. Pabwalo ponse panali dziwe. Madzi anali atakwera mpaka njerwa yachiwiri ya kakhoma kaja, n'kuima pomwepo. Ndinadumpha kakhomako n'kulowa. Pansi panali pouma. Ndinaima pakati pa chipinda opanda nsapato, ndikudontha ndekha, moti madzi onse amene analowa m'nyumba imeneyo chaka chimenecho ndinalowa nawo ndine. Kenako ndinatenga fosholo ya a telala n'kupita kukathandiza mnzanga.

Ndinkayesa nkhani yathera pamenepo. Mu Epulo, dzuwa litabwerera, mayi eni nyumba anafika Loweruka m'mawa ndi bambo wina wa nsapato zopolisha. Anamuonetsa ngalande, anamuonetsa kakhoma, ngati anamanga okha. Kenako anatiitana n'kutiuza mofatsa kuti zinthu zakwera, nyumbayi tsopano ndi yabwino, ndipo bambowa ndi okonzeka kulipira yochulukirapo. Tisankhe, kuwonjezera kapena kusamuka mwezi ukatha. Kuwonjezera sitikanatha, bajeti yathu inalibe pofinya pena. Ndinaona mnzanga akusendera kutsogolo, ndipo ndinadziwa kuti akayankhula ndiye kuti zaipa. Ndinamugwira paphewa, ndinapempha mayiwo kuti andidikire pang'ono, n'kupita kukagogoda kwa a telala.

Anabwera osafulumira, pepala lili m'manja, ulusi utakakamira pakona pake. Sanaliwerenge okha. Anandipatsa n'kunena kuti aphunzitsi awerenge, ndiwo analemba. Ndinaimirira bwino, ndinawerenga mokweza, liwu ndi liwu, mpaka pa mayina ndi tsiku. Mawu sanandichititse manyazi. Nditamaliza ndinatsitsa pepalalo. Bambo wa nsapato uja anayang'ana foni yake, anati ali ndi pena pofika, n'kumapita.

Mayiwo anatenga pepalalo, anayang'ana pamene anasaina, kenako anapukusa mutu n'kuseka pang'ono.

"Ine ndimayesa n'zongosewera, ana inu. Ndimati pofika Malichi mukhala mutathawa."

Sanakangane. Anati zimene analemba analemba, tikhale. Asanachoke anafunsa mnzanga ngati angakaone nyumba yawo ina imene nayonso imalowa madzi, ndipo anachita kunena okha kuti ameneyo ndi ganyu wolipira. Mnzanga anayankha kuti Inshallah apita Lolemba, ndipo abwera ndi wokanda matope wake.

M'nyumba imeneyo tinakhalamo zaka zitatu, mpaka mnzanga atakwatira. Kope lija ndikadali nalo, lopanda tsamba loyamba. Ndakhalamo m'nyumba zabwino kuposa iyo, zamagetsi ndi mpopi pakhomo, koma palibe imene ndimaikumbuka ndi chifuwa chotukuka ngati kachipinda kaja konunkha utsi wa mankhusu, kumene mabuku anga anakhala koyamba pashelefu, thabwa limodzi pamwamba pa njerwa zotsala.

Tsiku lomwe lija la mu Epulo, mayi aja atapita, a telala anatsalira pakhomo akupinda pepala lawo mosamala. Anasuzumira mkati, anayang'ana mzere wofiirira uja umene unali ukadali pakhoma, kenako anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, ndili ndi laimu wotsala kunyumba, mubwere mudzatenge mupake makomawa. Koma mzerewo musaufufute wonse. Musiyeko kachigawo kuseri kwa chitseko. Anthu anayi ndawaona akusamuka muno katundu ali pamutu. Obwera pambuyo panu adzafunika kuona pamene madzi ankafika musanabwere inu awiri."