Ngodya Yodontha ya Agogo

Dzulo mwana wanga anandionetsa pafoni mbalame za milomo yofiira zomwe zimatha miyezi pakati pa nyanja yamchere osaona mtunda, koma n'kubwerera ku una womwewo.

"Amayi, zimadziwa bwanji njira?"

Ndinangomva fungo la udzu wonyowa.

Makolo anga atamwalira, ndinkakhala ndi agogo ku Nsambe, m'boma la Neno. Chaka chilichonse amalume akamafolera nyumba, agogo ankawaletsa kukhudza ngodya imodzi, pomwe anamzeze anamata chisa chawo chadothi. Mvula ikagwa, madzi ankadonthera pamphasa yanga. Ndinkangosuntha mwakachetechete, ndikuganiza kuti agogo amakonda mbalame kuposa ine.

Tsiku lina ndinalimba mtima. "Agogo, bwanji osangofolera ponse?"

"Iwe, mbalamezi zikabwera n'kupeza pasintha, zidzapitirira. Kokera mphasayo kuno."

Ndinagona kumsana kwawo kofunda, konunkhira utsi.

Malata omwe ndinawatumizira nditasamukira ku Blantyre akadali kuseri kwa nyumba, agogo akana kuti akhomedwe. Pafoni amangoti, "Anamzeze afika, mama," basi, osawonjezera kanthu.

Mbalamezo siziphonya chaka. Ine, amene ndikudziwa pokwerera minibasi ya ku Neno, mvula yagwa kangapo ndisanapondeko.