Mukwaha, Dzina la Ababa Anga

Ababa anga dzina lawo linali Mukwaha. Pa esiteti ya tiyi imene anagwirapo ntchito moyo wawo wonse panalibe wina wa dzina limeneli, ndipo mpaka lero sindinakumanepo ndi munthu wa banja lina wotchedwa choncho, kaya ku Goliati kumene ndimapikula matimati, kaya kwa Khwethemule kumene kuli abale a amayi. Ndi mawu a Chilomwe, kutanthauza ulendo.

Woyamba kukhala nalo anali atsibweni awo a ababa. Iwowo anabadwira m'njira, makolo athu akuchokera ku Mozambiki kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Mayi wawo matenda anawayamba gulu lili pakati pa tchire, anthu n'kuima tsiku limenelo, mwana n'kubadwa, kutacha ulendo n'kupitirira. Atafika kuno anapeza malo onse ali m'manja mwa azungu, ndipo kuti umange kanyumba umayenera kugwira thangata, ntchito yosalipidwa ya mwini malo. Mwana uja anakulira m'mizere ya tiyi. Mlongo wake atabereka mwana wamwamuna, iye anapereka dzina lake lomwe kwa khandalo. Khanda limenelo ndiye ababa.

Ababa anali odulira tiyi. Sanali munthu wa zonena zambiri, ndipo kapitawo akawakalipira ankangoti chabwino bwana. Koma pa dzina pokha sankalola. Makalaliki ochokera kutali ankalipotoza, wina Mkwakwa, wina Nkhwaha, ndipo ababa ankaima pomwepo, chikwanje m'manja.

"Mu-kwa-ha," ankatero pang'onopang'ono. "Dzina la mzungu mumalitchula bwinobwino. Langa lokha ndiye likukuvutani?"

Tinabadwa atatu, achimwene awiri ndi ine womaliza. Tinakula nthawi imene munthu ukalankhula Chilomwe pa sukulu anzako ankakukuwiza kuti Mnguru wodya njoka. Achimwene anasiya chilankhulocho ali ang'ono. Atakwatira n'kubereka ana aamuna, ababa anawapempha mmodzimmodzi, onse anakana. Aakulu anati mwana adzavutika nalo kusukulu. Achiwiri anati akazi awo sakufuna. Ndiye dzina linatsalira kwa ine.

Amuna anga anabwera pa esiteti ngati kalaliki wa ku fakitale. Kwawo ndi kuchigawo chapakati. Anali ndi taye, njinga yatsopano ndi nyumba yamalata ya kampani, ndipo ankaimba bwino mu kwaya ya kutchalitchi kwathu. Atandifunsira, akazi anzanga a m'makomboni anati ndachita mwayi. Inenso ndinkaona choncho.

Mwana wathu woyamba anali wamwamuna. Nditatuluka chikuta, ababa anabwera ndi tambala ndi mkoko wa nthochi pa njinga. Amuna anga anawatulutsira mpando koma iwo anaukana. Anavula chipewa, munthu wa imvi, n'kugwada pakhonde pamaso pa mkamwini wawo.

"Apongozi, ndikudziwa kuti dzina la mwana woyamba limachokera kwanu. Ine sindikulamula ayi. Ndikungopempha. Ana anga aamuna anandikanira. Dzinali likafa ndi ine ndiye kuti latha."

"Dzukani ababa, dzukani," anatero amuna anga uku akuwagwira mkono. "Palibe vuto. Ndi dzina labwino kwambiri. Mwanayu ndi Mukwaha basi."

Tsiku limenelo ababa anadya nafe, anaseka mpaka kuoneka mpata wa mano awo othothoka, anamunyamula mwana n'kumamulankhula Chilomwe. Pobwerera anauza aliyense amene anakumana naye pa njira. Anzawo odulira tiyi anayamba kuwatcha a Mukwaha aakulu, poti tsopano kunali wamng'ono. Ine ndinkamuitana mwanayo ndi dzina lomwelo pomusambitsa ndi pomuyamwitsa, ndipo amuna anga ankamva, osatsutsa.

Linafika tsiku la ubatizo. Ababa anakhala kutsogolo, atavala jekete imene anavala pa ukwati wanga. Abusa anatiitana, ine mwana m'manja, ndipo anafunsa kuti dzina la mwanayu ndani. Amuna anga anayankha mokweza kuti tchalitchi chonse chimve. Anatchula dzina lachizungu, la manijala wa esiteti wa nthawi imeneyo. Ndinatsegula pakamwa, koma madzi anali atafika kale pamutu pa mwana, anthu akulira nthungululu. Nditacheuka ndinaona ababa atawerama, akuzunguza chipewa pakati pa maondo.

Kuphwando sanabwere. Alendo atabalalika ndinawafunsa amuna anga.

"Mwachita chiyani chimenechi?"

"Iwe, mwana wanga sangatchedwe dzina lachinguru. Ukufuna adzakhale wothyola tiyi?"

"Nanga munavomereranji?"

"Ndikanatani, mkulu atagwada pakhomo panga anthu akuona? Umafuna ndimukanire pomwepo?"

Anakhulupirira ndithu kuti anachita zaulemu. Mpaka lero amakhulupirira.

M'mawa mwake ndinapita kwa ababa ndikulira. Ndinati ndibwerera kwathu, ukwati uthe. Ababa anandiyankha akunola chikwanje chawo pamwala.

"Ukwati usathe chifukwa cha ine. Bwerera kunyumba kwako. Ndinapempha, andikaniza, basi."

Sanapondenso pakhomo pathu. Tinkakumana ku msika kapena kumaliro. Mdzukulu wawo ankamukonda, ankamusungira mapeyala ndi nzimbe, anamupangira galimoto yamawaya, koma sanamutchulepo dzina lililonse. Ankangoti mwana wa akalaliki. Anzawo aja anasiya zoti a Mukwaha aakulu, ndipo ena ankawaseka kumbali kuti anagwadira mkamwini pachabe. Ababa anamwalira mwanayo ali ku pulayimale. Amuna anga ndiwo anagula bokosi, labwino ndithu, ndipo anthu anawayamikira kwambiri kuti ndi mkamwini wosowa. Ine ndinakhala m'nyumba ya siwa ndikumva mayamikowo.

Zaka zinapita, mphepo inatembenuka. Mwadzidzidzi kukhala Mlomwe kunakoma. Anthu amene ankabisa kwawo anayamba kuvala nsalu zofanana, kuvina tchopa pamabwalo, kufunafuna kalongonda amene kale ankati ndi chakudya cha osauka. Akuluakulu a m'tauni anakumbukira kuti agogo awo anachokera kuseri kwa phiri, ku Mozambiki. Achimwene anga omwe aja anayamba kupereka moni wa Chilomwe, wothyokathyoka, m'mabasi. Sindinadane nazo. Ndinkangoti ababa akanaziona.

Nthawi imeneyo mwana wathu anali atamaliza sukulu ya ukachenjede, akufuna ntchito osaipeza. Tsiku lina ndikusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, amuna anga anabwera n'kuima pafupi, manja m'thumba.

"Mayi a mwana, dzina lija la madala anu limalembedwa bwanji? Pali h penapake eti?"

"Mukulifuniranji?"

"Ndaganiza kuti mnyamatayu aliwonjezere pa mapepala ake. Masiku ano mayina otere akutsegula zitseko. Komanso paja ndi lake, madala anamupatsa okha."

Mpeni unandicheka chala. Ndinayang'ana magazi akudontha pa chinangwa choyera. Ndinawauza kuti akawafunse eni ake kumanda, njira akuidziwa. Anaseka, n'kunena kuti akazi mumasunga zinthu. Anakafunsa achimwene aakulu, ndipo iwo anawalembera mosangalala.

Mnyamata analiwonjezera. Ntchito anaipeza, kaya chifukwa cha dzina kaya chifukwa cha nzeru zake, ine sindidziwa, poti anali wanzeru ndithu. Koma amuna anga anali otsimikiza. Pamalo omwera mowa ankadziguguda pachifuwa kuti mwana wawo ndi Mlomwe weniweni, mdzukulu wa a Mukwaha, amene agogo ake anayenda pansi kuchokera ku Mozambiki. Nkhani imene ndinawafotokozera tili pa chibwenzi, iwo akuyasamula, tsopano ankaikamba okha, n'kumawonjezera mikango ndi mitsinje yosefukira. Dzina la ababa linamveka m'malo amene eni ake sankaloledwa kulowa. Koma mwana wanga sanandifunsepo tanthauzo lake. Ndinamuuza ndekha tsiku lina, iye anati, "Oh, zoona amayi? Zabwino," maso ali pa foni.

Kenako mphepo inatembenukanso, monga imachitira. Nditapita kukamuona ku ofesi kwake ku Blantyre, pachitseko panali dzina lachizungu lija, chilembo cha M ndi kadontho, kenako dzina la bambo ake. Ndinamufunsa. Anati dzinalo ndi lalitali, ndipo anthu amafunsa mafunso ambiri.

Chaka chatha mkazi wake anabereka mwana wamwamuna, ndipo anandiitana kuti ndikathandize. Mpongozi wangayu ndi mtsikana waulemu, amagwira ntchito ku banki, sanandiyankhepo mwamwano. Madzulo ena tikudya anayamba kukambirana za dzina. Ndinadikira amalize, kenako ndinalankhula.

"Ine ndili ndi dzina. Ndi lako lomwe, limene uli nalo pa mapepala. Mupatse mwanayu, koma likhale loitanira, lisakhale lobisa pakati."

Mwana wanga anayang'ana mkazi wake. Mpongozi anatenga foni n'kundipempha kuti ndilitchule pang'onopang'ono. Analemba, anadikira, anasisita galasi la foniyo ndi chala.

"Amayi, pepani, silikupezeka. Pa intaneti pali malo amene amaika mayina onse a ana, kumene anachokera, tanthauzo lake, ndi kuchuluka kwa anthu amene ali nalo. Ili palibe. Mwina si dzina kwenikweni?"

"Ndi dzina. Ababa anga anakhala nalo mpaka imvi."

"Ayi amayi, sindikutsutsa. Kungoti mwana akadzakula, anzake adzafuna kudziwa tanthauzo lake."

"Adzabwere adzandifunse ine."

Mwana wanga anati aganizira, ndipo anandithirira tiyi wina. Patapita masiku ochepa ndinamva mpongozi akuuza mnzake pa foni dzina la khandalo. Analisankha pamalo omwe aja. Akuti limatanthauza mphatso, m'chilankhulo cha anthu amene palibe mmodzi mwa ife anawaonapo.

Ndinakhalabe mpaka mchombo unagwa. Ndinachapa matewera, ndinaphika phala, ndinamuphunzitsa mpongozi kusambitsa mwana. Khandalo ndi lokongola, lili ndi chipumi chachikulu, ndipo sililira kwambiri. Anandiperekeza kudepoti ndi shuga, sopo ndi chitenje chatsopano.

Nditafika kunyumba ndinapeza amuna anga pakhonde akumvera mpira pa wailesi. Anapuma pantchito kalekale, ndipo tinamanga pamalo a amayi anga, kumalire ndi esiteti. Anandifunsa za ulendo, kenako anafunsa kuti mwana amutcha ndani. Ndinawauza.

"Eya, limenelo ndiye dzina," anatero. "La masiku ano."

Anakweza wailesi. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinasintha zovala, n'kupita kumunda kukaona ngati mbuzi za anthu ena sizinandithere nandolo.