Achimwene Anga Ozika Nsungwi Mumtsinje

Lemba mwana wanga, ndipo usandikonzere mawu. Akhonsolo akuti akufuna mbiri ya tauni ino kuti aziwerengera alendo. Za mafumu akawauza ena. Ine ndinena za amalume ako, achimwene anga, amene padooko ponse ankawatchula kuti a Nsungwi, ndi mmene anatayira kanyumba kawo.

Tauni ino anamanga ndi mafumu, zimenezo sindikana. Anasankha pano chifukwa mtsinje umakhota pansi pa thanthwe, ndiye ngalawa iliyonse inkachepetsa liwiro, mfumu n'kumaiona ili khale pakhonde. Nyumba yawo anaimanga pamwamba, ndi masitepe amiyala otsikira kumadzi. Koma mfumu yomaliza inamwalira bambo athu asanamere mano. Njanji inadzera kwina. Mlatho anakaumanga kumunsi uko, ulendo wa tsiku lathunthu. Maofesi anasamuka, wotchi ya papositi inaima, palibe anakwera kukaikonza. Chinatsala ndi matama basi.

Anthu akumtunda, oyandikana ndi nyumba ya mfumuyo, sakupatsa moni asanakuuze kuti agogo awo anali ndani. Uyu agogo ake ankagwira ambulera ya mfumu. Uyu agogo ake ankatsekula geti. Pali banja lina mpaka lero limayenda khosi lili njo, eti chifukwa agogo awo ndi amene ankakataya mtsuko wokodzeramo mfumu. Denga likudontha, mbuzi zikugona pabalaza, koma nsapato zopolisha. Ife akudooko tinalibe agogo. Kaya tinangotuluka m'matope ngati achule.

Achimwene anabadwira m'kanyumba ka padooko, inenso momwemo. Zipinda ziwiri, chitseko chobiriwira, zenera limodzi loyang'ana kumadzi. Kanali ka khonsolo, ndipo kankayendera limodzi ndi ntchito: wozika nsungwi ndiye wogonamo. Bambo athu atatopa, ntchito anatenga achimwene, kiyi n'kukhala yawo.

Ntchitoyo inali yotere. Mtsinje uno sugona malo amodzi. Lero pakuya pali apa, mvula ikagwa kumapiri mchenga wasamuka, pakuya papita uko. Ndiye m'mawa uliwonse achimwene ankalowa m'bwato ndi nsungwi yaitali yodula mizere, n'kumapisa m'madzi, kupisa, kupisa, mpaka pokhota ponse patha. Akapeza njira, ankazika nsungwi mizere iwiri, za nsanza yofiira mbali iyi, za nsanza yoyera mbali iyo, boti lizidutsa pakati. Zaka makumi anayi ndi chimodzi. Oyendetsa maboti anafika posiya kuyang'ana madzi. Ankangoona nsanza, wina akudya, wina akukangana ndi mkazi wake pafoni. Palibe boti linakhalapo pamchenga, ngakhale limodzi.

Pamadzi anali mwamuna. Ng'ona ankaikalipira ngati galu wapakhomo. Koma aone munthu wakumtunda, ngakhale kamwana kamamina, chipewa chili kale m'manja, msana wapindika. Bambo athu ndi amene anawaphunzitsa zimenezo. Ine anandiphunzitsanso koma sizinalowe.

Ana awo onse anapita kumizinda. Anatsala awiri ndi alamu anga, amene miyendo inawatupa ngati mitondo, osatha kufika ngakhale pampopi. Ankangokhala pampando pazenera paja kuwerenga maboti. Ankati, "Ine muno ndidzatuluka chogona."

Ndiye zaka zinayi zapitazo akumtunda anapanga komiti yokopa alendo. Wapampando anali mdzukulu wa wogwira ambulera uja, ifenso tinkangomuti a Ambulera. Anakhometsa ngalawa yonga ya mfumu, ya mutu wa mkango kutsogolo, mkango wake ngati mphaka wodwala chimfine. Anati Loweruka kubwera akuluakulu, ngalawa inyamukire pamasitepe, idzere njira imene yajambulidwa pachithunzi chapakhoma m'nyumba ya mfumu, cha m'munsi mwa thanthwe. Chithunzi cha zaka zana ndi kanthu! Mtsinje unachokako kalekale kumeneko. Pamwamba madzi amaoneka otambalala, osalala, koma ndi a m'mawondo. Njira yeniyeni inali tsidya linalo, kumene timachapira, kuseri kwa mashedi a malata adzimbiri. Kumeneko akuti sikokongola pa kamera.

Anawaitana achimwene kuholo. Ine ndinawatsatira, podziwa munthu wanga.

A Ambulera anati, "Nsungwi zako zansanzazo uzule. Takupentera zatsopano, za timbendera. Uzike kuyambira pamasitepe, motsata chithunzi. Pofika Lachinayi zikhale zili chilili, tikufuna kuyeserera ndi kujambula."

Achimwene chipewa m'manja, mawu ngati a munthu wopempha mchere. "Bwana, kumasitepe kulibe madzi."

"Kulibe madzi? Nanga chonyezimira chija n'chiyani, galasi?"

Holo yonse kuseka.

"Alipo bwana, koma ochepa. Pansi ndi mchenga."

"Mafumu khumi ndi awiri anadutsa pamenepo. Iwe ukuudziwa mtsinje kuposa mafumu khumi ndi awiri?"

"Ayi bwana."

Ine kumbuyo ndinalephera kupirira. Ndinati, "Mafumuwo anapita, madzinso anawatsatira! Mukafuna kayendeni nokha ndi nsapato zanuzo, simunyowa ndi thalauza lomwe."

"Mayi awa ndi a kwa ndani?"

"A kudooko, bwana," anayankha kalaliki.

"Zikuoneka. Atulutseni."

Ndili pakhomo ndinamva a Ambulera akufunsa mofatsa, ngati akufunsa nthawi. "Akalaliki, paja kanyumba ka padooko kaja ndi ka ndani?"

"Ka khonsolo, bwana."

"Oho. Ndimangofunsa."

Basi, nkhani inathera pomwepo. Achimwene ananena zoona kamodzi kokha, motsitsa, ndiye n'kuvomera.

Masana ake ndinawapeza kunyumba akumanga timbendera. Ndinati, "Achimwene, nsungwi zanu sizinanamepo. Mukufuna muyambe ndi imvi?"

"Iwe, tatsitsa mawu, alamu ako akumva."

"Amve! Si mtsinje wawo womwewu?"

"Ndikakana, awa ndikawagoneka kuti? Kwa iwe, m'chipinda cha makala? Ndi masiku atatu okha. Ngalawa yawoyo ndi yopepuka, yapansi pophwatalala, mwina ikwawa. Lamulungu m'mawa ndibwezeretsa zonse."

"Nanga maboti?"

"Ndiwauza onse."

Ndipo anawauzadi. Anayenda dooko lonse, boti ndi boti, khomo ndi khomo: musatsate nsungwi mpaka Lamulungu, dzerani tsidya lija, mulunjike pa mkuyu. Ndinawafunsa za boti la kumunsi, lobweretsa katundu wa m'masitolo. Anati limabwera Lolemba, zaka zonsezi limabwera Lolemba.

Linabwera Lachisanu. Mwini katundu, mayi wina wamasiye wogulitsa mchere ndi shuga, anamva kuti kuno kudzaza alendo, ndiye anati afulumire. Woyendetsa anali Kamphuno, munthu amene watsata nsungwi za achimwene zaka makumi awiri. Dzuwa lili pamutu, ine ndikuchapa tsidya lija, ndinaona boti likutulukira pokhota, lodzaza mpaka m'milomo. Kamphuno anaona nsungwi zasamuka, sanadabwe, paja zimasamuka masiku onse. Anaona timbendera, akuti anaseka n'kunena kuti madala alemera. Analowa pakati osachepetsa n'komwe.

Tinakuwa, tinagwedeza nsalu, injini inatimeza mawu. Achimwene anali padooko, anathamangira m'madzi ndi zovala, manja m'mwamba. Mochedwa.

Phokoso lake silinali lalikulu. Linangoti khu, boti n'kuima, n'kupendekeka pang'onopang'ono ngati ng'ombe ikugona. Matumba anayamba kutsetsereka, limodzi limodzi, kenako onse. Kamphuno anamenyetsa kukamwa pachiwongolero, mano atatu anatsala pomwepo. Palibe anamira. Amira bwanji m'madzi a m'mawondo? Mayi wamasiye uja anaima m'menemo atakumbatira thumba la mchere, likupepuka m'manja mwake, iye osalisiya, mpaka linatsala saka lokha.

Kamphuno anatsika, magazi ali chuchuchu pamalaya, n'kuwayang'ana achimwene. Sanatukwane. Bola akanatukwana. Anangoti, "A Nsungwi. Inu?"

Botilo linakhala pomwepo sabata yathunthu, pakatikati pa njira ya mafumu khumi ndi awiri. Loweruka akuluakulu anabwera, ngalawa ya mkango sinachoke pamasitepe. Anajambulitsa ili chimangire, wojambula akuuza anthu kuti asunthire kumanzere kuti abise boti lopendekekalo.

Lolemba anawaitananso kuholo. Ine anandiletsa pageti, koma mazenera a holo ija alibe magalasi chichokereni maofesi.

A Ambulera anafunsa, "Katswiri wa madzi pano ndi ndani, ine kapena iwe?"

"Ndine, bwana."

"Anazika nsungwi pamchenga ndi ndani?"

"Ndine, bwana. Koma paja munati..."

"Ine ndine mphunzitsi wopuma, za mchenga ndizidziwira kuti? Munthu wodziwa ntchito yake akanakana. Watichititsa manyazi pamaso pa alendo."

Ndinakuwira pazenera kuti, "Anakana! Munaseka! Inu apo, a mtsuko wa mkodzo, simunaseke inu mpaka kutsokomola?" Onse anangoyang'ana kudenga. M'buku la kalaliki munalibe mawu amenewo. Munangolembedwa kuti wozika nsungwi anavomera.

Anawapatsa masabata awiri kuti atuluke m'kanyumba kaja.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si akumtunda ayi, amenewo ndi mmene analengedwera. Ndi akwathu. Anthu amene achimwene anawagogodera khomo ndi khomo, tsiku losamuka palibe anabwera kudzanyamula ngakhale mpando. Ankati lero wanamiza Kamphuno, mawa ndife. Ndiwada bwanji? Kamphuno ntchito inamuthera. Mayi wa mchere sanabwererenso pamsika. Ine ndemwe ndikanakhala wa boti, ndikanayamba kuyang'ana madzi.

Alamu anga tinawakweza pawilibala, ine ndi iwe, ukukumbuka, tikukankha kukwera mtunda, iwo ataphimba nkhope ndi nsalu kuti anthu asawaone. Achimwene anatsalira. Anasesa zipinda zonse ziwiri, anathira mafuta paloko kuti isavute, n'kudikira kalaliki. Popereka kiyi anagwira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo bwana, mwatisunga nthawi yaitali." Ndinamva ndi makutu angawa, nditabwerera kudzatenga ndowa. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawaponya mumtsinje onse awiri.

Anakalowadi m'chipinda cha makala, chimene ankachiopa chija. Ndinachipaka laimu, komabe fungo silinachoke, ndipo zenera lake limayang'ana khoma la aneba. Alamu anga anakhalamo miyezi isanu ndi itatu. Sankadandaula, ankangofunsa kuti, "Ladutsa la ndani limenelo?" akamva injini patali. Kenako anasiya kufunsa. Pamaliro akumtunda anatumiza nkhata ya maluwa apulasitiki.

Kanyumba kaja anakapenta chitseko chake golide. Chipinda chakutsogolo amagulitsiramo matikiti ndi tingalawa tosema. Chakumbuyo, chimene tinabadwiramo, amasungiramo mipando yothyoka. Wozika nsungwi wina sanamulembe ntchito, akuti palibe woyenera. Maboti tsopano amayenda chokwawa, munthu ali kutsogolo ndi mtengo, aliyense kudzipisira yekha. Ngalawa ya mkango ikuwolera pamasitepe, ana amakodzeramo.

Achimwene ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu. Sabata yatha anasowa m'mawa wonse. Atabwera ndinati, "Munali kuti?"

"Kudooko."

"Kukatani? Akuitanani?"

"Ndinakaona chipinda chakumbuyo chija. Denga layamba kudontha pakona, palibe akuliona. Ndinawauza kuti nditha kumagonamo, ndizilondera, osandilipira. Mipando ndiisunthira mbali imodzi."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Mayi wa matikiti akuti iye sangayankhe, ndilembe kalata ku komiti."

"Komiti yake iti? Ya a Ambulera?"

"Ndi anthu omva, ukawafika bwino. Iwe vuto lako umakuwa."

Ndinawatukwana mpaka aneba anatseka wailesi kuti amve bwino. Iwo anangokhala pamphasa, kudikira kuti ndimalize, kenako n'kufunsa ngati ubwera lero ndi cholembera.

Ndiye ukatha apa, tenga pepala loyera, upite kuseriko ukawalembere amalume ako. Akufuna iyambe ndi mawu akuti Olemekezeka.