Nikahi ya Mlamu Wanga ndi Memore Yovunda

Ku Lungwena, kwawo kwa mkazi wanga, mkwati akakhala ku Joni nikahi, ukwati wa Chisilamu, siidikira. Amatuma m'bale wake kukamuyimira pamaso pa shehe, iye n'kumamvera pa foni. Mng'ono wake wa mkazi wanga atapeza banja lotero, ine mkamwini wodziwa makompyuta ndinati za foni n'zachikale. Ndinalonjeza kuti mkwati aonera zonse pa kanema, ndipo kanemayo tidzasunga.

Pa loji ina ku Nkopola ndinkasamala seva, kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena. Mkati mwake ndinagawamo makompyuta atatu ongoyerekeza, iliyonse ndi gawo lake la memore, mosungira zimene ikugwiritsa ntchito, ngati abale ogawana munda umodzi. Ndinakonza zoti kachigawo ka memore kakavunda, seva idziwitse kompyuta yokhudzidwayo, iyo izimitse pulogalamu yokhayo imene yaponda povundapo, osati kufa yonse. Ndinkadzitama nazo ngakhale kwa anthu osandifunsa. Kanema wa nikahi ndinamudutsitsa mu imodzi mwa makompyutawo.

Tsiku la nikahi, apongozi anga aamuna atangoyamba mawu opereka mwana wawo, kanema anazima. Ndinayang'ana pa laputopu. Memore inali itavundadi, ndipo seva inachita ndendende zimene ndinaiuza. Kompyuta inali yamoyo. Pulogalamu imene inazimitsidwa inali ya kanemayo, ndipo zonse zimene inajambula zinakana kutseguka.

Pakamwa panga sipadziwa mwambo. Ndinaimirira pakati pa akuluakulu n'kunena kuti asadandaule, makina agwira bwino ntchito, chawonongeka n'chinthu chimodzi chokha. Kumbali ya azimayi, mkwatibwi anaphimba nkhope ndi mpango.

Apongozi anandiyang'ana mosakwiya konse, ndipo n'zimene zinandipweteka. “Akamwini, chimodzicho n'chimene tabwerera pano,” anatero. Anatulutsa kafoni kawo komanga ndi labala, n'kuimbira mkwati, n'kubwereza mawu awo onse kuyambira poyamba. Ine ndinaima pomwepo ndi kamera m'manja, manyazi atandigwira moti mpunga wa tsikulo sunanditsike.

Memore ija ndinaisintha mawa lake, ntchito yosatenga nthawi. Apongozi anatisiya dzinja lotsatira. Maliro atatha, mlamu wanga, mkwatibwi uja, anandipeza kuseri kwa nyumba. Sanandidzudzule. Anangofunsa motsitsa mawu: “Alamu, olo pang'ono pokha pamene ababa akuyamba kulankhula, sipangapezeke?”

Ndinali nditayesa kale kambirimbiri. Ndinamuuza kuti ayi.